Nsanja si nyumba: chifukwa chake chachitali sichikhala nambala wani nthawi zonse

Msuweni wanga amagwira ntchito ku Joni, wakhalako zaka ndithu, ndiye atabwera pa Khirisimasi tinakhala pakhonde madzulo tikudya mango iye nkumationetsa zithunzi pa foni. Pa chithunzi china panali chinsanja chowonda cha konkire chotalika kuposa chilichonse chozungulira, Hillbrow Tower, ndiye akuti iyi ndiye nyumba yaitali kwambiri mtauni muja. Achimwene anga aakulu, omwe anakhalako kalekale ife tili ku pulayimale, anangopukusa mutu nkunena kuti ayi mphwanga, yaitali ndi Carlton Centre, icho ukutionetsacho si nyumba. Anatsutsana mpaka mdima, mango anatha, nkhani osatha.

Ine chomwe chinandigwira mtima nchakuti manambala ali mbali ya msuweni. Hillbrow Tower ndi mamita 269, inatha kumangidwa mu 1971. Carlton Centre ndi mamita 223, nsanjika 50, ya mu 1973. Kusiyana kwake mamita 46, si pang'ono ayi. Koma kwa zaka zoposa 40 yomwe inkatchulidwa kuti nyumba yaitali mu Africa yense inali Carlton, ndipo anthu otchulawo sankalakwitsa. Onse awiri pakhonde paja ankanena zoona, kungoti mawu oti nyumba aliyense amawamva mwake.

Tiyambe ndi Chichewa chathu chomwechi, chifukwa ife kusiyanitsaku timakuchita tsiku lililonse osazindikira nkomwe. Pakhomo pa agogo pali nyumba yogona, pali khitchini, pali nkhokwe, khola la mbuzi lam'mwamba lija, bafa la udzu, chimbudzi, thandala loyanikapo mbale, mpanda, mwina ndi chigafa ngati amalima fodya. Zonsezi munthu anamanga ndi manja, anakumba, anazika mitengo, anamanga ndi luzi. Koma mutafunsa agogowo kuti muli ndi nyumba zingati pano, nkhokwe saiwerengera, khola saliwerengera, pomwe nkhokweyo ili ndi denga lake labwinobwino ndipo ili ndi mkati. Gowelo la anyamata aliwerengera. Khitchini pena aiwerengera pena ayi, zimatengera ngati mumagona munthu. Ndiye mukuona kuti chomwe chikulamula apa si denga kapena khoma lokha, koma funso loti kodi mkatimo mumakhala anthu?

Akatswiri a zomangamanga nawonso amayambira pomwepo. Pali gulu lalikulu la zomangidwa zonse, chilichonse chomwe munthu waimika kapena wayala kuti chikhazikike pamalo ndi kusenza kulemera kwake komwe, kulemera kwa zomwe zili pamwamba pake, komanso kulimbana ndi mphepo, madzi ndi zivomezi. Mlatho ulimo, damu lilimo, msewu, njanji, chumuni cha fakitale, thanki ya madzi, mapolo a magetsi, chipilala ngati chija cha chikumbutso cha nkhondo ku Area 18 ku Lilongwe kapena Independence Arch ya ku Blantyre, Kamuzu Barrage ya pa Liwonde, zonsezo. Mkati mwa gulu lalikululi muli kagulu kakang'ono ka zomwe zili ndi makoma, denga ndi pansi pomwe anthu amakhalapo kapena kugwirirapo ntchito, ndipo izi zokha ndi zomwe amazitcha nyumba. Nyumba iliyonse ndi chomangidwa koma si chomangidwa chilichonse chomwe chili nyumba. Mpaka apa palibe wotsutsa.

Vuto limabwera pa zinthu za pakatikati, ngati Hillbrow Tower ija. Ili ndi chikepe, ili ndi zipinda kumtunda, kale munali ndi malo odyera ozungulira mpaka pomwe anaitseka kwa anthu wamba mu 1981. Ndiye poti anthu amalowamo bwanji osaitcha nyumba? Apa ndi pomwe pamabwera bungwe lina lomwe linayamba ku America mu 1969, lomwe kwa zaka zambiri ladziwika ndi dzina lachidule loti CTBUH, lomwe dziko lonse limalitenga ngati refeli pa nkhani ya nyumba zazitali. Lamulo lawo ndi lophweka: kuti chinthu chiwerengedwe ngati nyumba, theka la kutalika kwake kapena kuposerapo likhale nsanjika zoti anthu atha kukhalamo kapena kugwiramo ntchito. Chikapanda kufika theka, chimenecho ndi nsanja basi, kaya chikhale chokongola bwanji. Hillbrow Tower gawo lalikulu ndi thunthu la konkire lopanda zipinda, ntchito yake yeniyeni ndi ya matelefoni ndi mauthenga, zipinda zija zangokhala ngati chisa pamwamba pa mtengo wa mgwalangwa. Ndiye imagwera ku nsanja.

Lamulo lomweli ndi lomwe linachititsa kuti CN Tower ya ku Toronto, mamita 553, yomwe inatsegulidwa mu 1976, isatchedwepo nyumba yaitali padziko ngakhale inkaposa nyumba zonse kwa zaka zoposa 30. Anaipatsa dzina lakelake, chomangidwa chachitali kwambiri choima pachokha. Eiffel Tower ya ku Paris ya 1889 nayo ndi nsanja osati nyumba, Tokyo Skytree ya ku Japan ya mamita 634 chimodzimodzi.

Mawu oti choima pachokhawo asakudutseni, ali ndi chifukwa. Mukayenda m'misewu yathu mumaona nsanja za netiweki za mitundu iwiri. Ina ndi ya miyendo itatu kapena inayi yotambalala pansi nkumawonda kumwamba, imeneyo imaima ndi mphamvu zake. Ina ndi yowonda kuyambira pansi mpaka pamwamba ngati nsungwi, yokokedwa ndi mawaya mbali zonse omwe anawakhomerera pansi patali ndithu. Yachiwiriyi siingaime yokha, mukadula mawaya mbali imodzi yagwa. Koma poti ndi yopepuka komanso yotchipa, imatha kufika kutali modabwitsa. Ku North Dakota ku America anaimika ina ya wailesi yakanema mu 1963 yotalika mamita 628, anthu akuimanga kwa mwezi umodzi wokha. Ku Poland anaimika ya wailesi ya mamita 646 mu 1974, ndipo imeneyo ndiyo inali chomangidwa chachitali kuposa chilichonse padziko, mpaka pa 8 Ogasiti 1991 pomwe inagwa amisiri akusintha mawaya okokera aja. Kugwa kwakeko kukusonyeza chifukwa chake amaziika pagulu lazokha, mphamvu yake sili m'thunthu koma m'zingwe. Palinso nsanja zokumbira mafuta m'nyanja, ngati Petronius ya ku Gulf of Mexico yoposa mamita 600, koma gawo lalikulu lili m'madzi ndipo madziwo amathandiza kuichirikiza, ndiye nazonso ena amakana kuziphatikiza ndi zapamtunda.

Tsono mungaganize kuti tikapatula nsanja nkutsala ndi nyumba zenizeni nkhani yatha, tingotenga tepi nkuyeza. Ayi ndithu, mkangano woopsa unali pomwepa, pa funso loti nyumba imathera pati.

Mu 1996 ku Kuala Lumpur, dziko la Malaysia, ankamaliza kuimika nyumba ziwiri zamapasa, Petronas Towers. Nthawi imeneyo chikho chinali ku Chicago ndi Sears Tower, yomwe pano imatchedwa Willis Tower, ndipo inachisunga kwa zaka zoposa 20. Sears denga lake lili pa mamita 442, nsanjika 110. Petronas nsanjika 88 zokha, denga lake lili pansi kwambiri kuyerekeza ndi la Sears, munthu wokhala mu ofesi yapamwamba kwambiri ku Chicago ali m'mwamba kuposa mnzake wa ku Kuala Lumpur. Koma Petronas pamwamba pake anaikapo nsonga zazitali zosongoka zachitsulo, zomwe azungu amati spire, ndipo ndi nsongazo imafika mamita 452. Sears nayo ili ndi zitsulo ziwiri pamwamba zomwe zimaifikitsa kupitirira mamita 500, koma izo ndi ma eriyo a wailesi ndi TV.

Chigamulo cha CTBUH chinali choti nsonga imawerengedwa, eriyo siwerengedwa. Maganizo awo ndi oti nsonga ndi mbali ya pulani ya nyumbayo, wojambula anaijambula ngati gawo la maonekedwe ake ndipo mutaichotsa nyumbayo yasintha nkhope, pomwe eriyo ndi chipangizo chongobwera, lero chilipo mawa achotsa aika china, ngati dishi yomwe mwakhoma pa denga kwanu. Ndiye Petronas inawina ndi mamita 10, chikho nkuchoka ku America koyamba patapita zaka zambirimbiri. Anthu a ku Chicago zinawapweteka kwambiri, ndipo ine ndikamaiona nkhaniyi ndimawamvetsa, chifukwa chitsulo ndi chitsulo, chonse sichikhalamo munthu, kusiyana kwake nkoti china anachijambula katswiri wa mapulani china anabweretsa a wailesi. Pofuna kuziziritsa mitima bungwe lija linagawa muyezo panayi: kufika pa nsonga, kufika pa nsanjika yomaliza yokhalamo anthu, kufika pa denga, ndi kufika pamwamba penipeni kuphatikiza eriyo. Mu 2009 anachotsapo wa denga poti nyumba zamakono zambiri sizioneka pomwe denga lili, nkutsala itatu. Koma pa itatuyo womwe umapereka dzina loti nyumba yaitali ndi woyamba uja, wa nsonga.

Masewera a nsongawa sanayambe ndi Malaysia. Mu 1929 ku New York nyumba ziwiri zinkapikisana, Chrysler Building ndi ina ya pa 40 Wall Street. Wojambula Chrysler, William Van Alen, analumikiza nsonga yake mobisa mkati mwa nyumbayo, anzake aja atakhulupirira kuti awina iye nkuitulutsa pamwamba tsiku limodzi, nyumba nkufika mamita 319, kuposa ndi Eiffel Tower yomwe. Sanadyerere nthawi yaitali, Empire State Building inabwera mu 1931 ndi mamita 381.

Ina yomwe inavuta ndi One World Trade Center, yomwe anamanga ku New York komweko pafupi ndi pomwe panagwa nyumba ziwiri zomwe zigawenga zinaomba ndi ndege pa 11 Sepitembala 2001. Eni ake ankafuna ifike mafiti 1776 ndendende, chaka chomwe America inalengeza ufulu wake, omwe ndi mamita 541. Denga lake lili pa mamita 417, otsalawo ndi chitsulo cha pamwamba. Poyamba chitsulocho chimayenera kuvekedwa chikuto chokongoletsa, kenako omanga anasintha maganizo nkuchisiya chamaliseche, ndipo pa icho pali zida za wailesi ndi TV. Ndiye funso nkubuka, kodi ichi ndi nsonga kapena eriyo? Chikanakhala eriyo, nyumbayo ikanatsika kufika 417 ndipo Willis Tower ikanakhalabe yaitali mu America. Mu Novembala 2013 komiti ya CTBUH inagamula kuti ndi nsonga poti ndi chokhazikika, sichidzachotsedwa. Chicago nkuluzanso kachiwiri pa lamulo lomwe lija.

Mapeto a lamuloli ndi omwe tikuwaona panopa, aliyense wofuna dzina amangotalikitsa nsonga. Burj Khalifa ya ku Dubai, yomwe inatsegulidwa mu Januwale 2010, ndi mamita 828, mukayala pansi ndi pafupifupi magiraundi a mpira 8 ondondozana. Iyo palibe angaitsutse, imawina pa miyezo yonse itatu. Komabe mamita 244 a pamwamba pake simukhala munthu, ndiye kuti gawo lopanda anthulo palokha ndi lalitali kuposa Carlton Centre yonse. Merdeka 118 ya ku Kuala Lumpur komwe kuja ndi yachiwiri padziko ndi mamita pafupifupi 679, kuposa Shanghai Tower ya mamita 632, koma yaposa chifukwa cha nsonga, anthu a mu Shanghai Tower amakwera m'mwamba kuposa a mu Merdeka. Kwa ine muyezo wachilungamo ndi wa nsanjika yomaliza yomwe munthu amafikako nkukhala, chifukwa ngati tinathamangitsa Hillbrow Tower ndi CN Tower pa mpikisano ponena kuti nyumba ndi anthu, sitingatembenukenso nkumapereka chikho potengera gawo lomwe mulibe anthu.



Injiniya ukamufunsa, iye za nyumba kapena nsanjazi sizimukhudza kwenikweni, funso lake ndi lina: kulemeraku kukudutsa pati kuti kufike pansi? Ndipo apa ndi pomwe ndimakonda kwambiri chifukwa zitsanzo zake tili nazo pakhomo. Tengani nyumba ya njerwa wamba ya kwathu kuno. Denga lakhala pa khoma, khoma lakhala pa maziko, khomalo ndiye likusenza zonse, nchifukwa chake mmisiri wanzeru amakukanizani kugumula khoma lapakati mwachisawawa kapena kuboola windo lalikulu popanda lintala. Tsono tengani nyumba yophoma ya makolo. Amayamba azika nsichi, amanga mbaliro ndi luzi, aimika mzati, ayala phaso, afolera, dothi limabwera pomaliza kudzangotseka mphepo. Dothi lija litagumuka mbali imodzi denga siligwa chifukwa chosenza ndi mitengo. Imeneyi ndi nyumba ya chimango, ndipo nyumba zosanja zomwe mukuziona zikumangidwa mu Lilongwe ndi Blantyre, zoyamba ndi mapilala a konkire ndi mabimu ndi silabu kenako nkumadzaza mabuloko pakati, zikutsata nzeru yomweyo.

Kusiyana kwa mitundu iwiriyi ndi komwe kunabala nyumba zazitali. Khoma losenza, nyumba ikamakwera liyenera kunenepa pansi. Ku Chicago kuli nyumba ina ya 1891, Monadnock Building, nsanjika 16 za njerwa, makoma ake pansi ndi onenepa pafupifupi mamita awiri, moti munthu atha kugona chopingasa pa windo. Kupitirira apo zipinda zapansi zikanatha ndi khoma. Mumzinda womwewo mu 1885 anali atamanga kale Home Insurance Building ya nsanjika 10 pogwiritsa ntchito chimango chachitsulo, ndipo njira imeneyo ndi yomwe inapambana, khoma linasiya kusenza nkukhala ngati chovala, mpaka lero pomwe nyumba zina khoma lonse ndi galasi. Pali mitundu inanso, zomwe zimalimba ndi kulemera kwake kokha ngati damu la dothi kapena mapiramidi a ku Egypt, zomwe zimalimba ndi kupindika ngati chigoba cha dzira, ndi zomwe zimalimba ndi kukokana ngati mlatho wolendewera pa zingwe ndi nsanja ya ku Poland ija. Pa kagawidwe aka nkhokwe ya agogo ndi Willis Tower zikhoza kukhala pa benchi imodzi, pomwe nyumba yanga ya njerwa ili benchi ina.

Kwathu kuno kagawidwe komwe kamatikhudza tonse ndi ka kalembera. Ambiri mukukumbuka mu Sepitembala 2018 anyamata ndi atsikana a NSO, ofesi ya boma yoona za kalembera, akuyenda khomo ndi khomo ndi matabuleti. Ine ndinali kumudzi sabata imeneyo. Mtsikana yemwe anafika kwa amayi anapatsidwa mpando pansi pa mtengo wa mango, asanayambe mafunso ambiri anadzutsa maso kuyang'ana denga, nkuyang'ana khoma pomwe pulasitala inasupuka, nkudina pa tabuleti. Amayi anamufunsa kuti mwanawe ukulemba chiyani usanandifunse, iye nkuyankha mwaulemu kuti amayi ndikuona ngati ndi njerwa zootcha kapena zidina. Kalembera amagawa nyumba patatu potengera zipangizo. Ya denga lolimba ngati malata, matailosi kapena konkire, khoma la njerwa zootcha, konkire kapena miyala, imeneyo ndi permanent. Ya udzu ndi khoma la dothi ndi traditional. Yomwe ili ndi chimodzi cholimba china ayi, monga malata pa zidina kapena udzu pa njerwa zootcha, ndi semi-permanent. Zotsatira za chaka chimenecho zinaonetsa kuti pa nyumba 100 zilizonse pafupifupi 41 zinali za gulu loyamba, 36 za udzu ndi dothi, 23 zapakati.

Kagawidwe aka ndi kothandiza, sindikukanyoza ayi, wowerengera ayenera kukhala ndi chinthu choti aone ndi maso mwachangu pa nyumba mamiliyoni, ndipo boma limadziwirapo momwe anthu akukhalira. Koma tizikumbukira kuti kakuyeza zipangizo, osati kulimba. Sikafunsa kuti njerwazo anamangira simenti kapena matope, maziko analowa pansi bwanji, pali bimu yozungulira pamwamba pa mawindo kapena ayi, malata anamangirira ndi waya ku khoma kapena angotsamiritsa miyala pamwamba. Ndipo chaka chomwecho cha 2018 kunatuluka malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi nyumba zikuluzikulu zamalonda pofuna kuteteza mitengo, ndiye njerwa yomwe ikukweza nyumba yako kukhala permanent pa kalembera ndi yomweyo yomwe kontirakitala womanga sukulu akuuzidwa kuti asiye, agwiritse mabuloko a simenti.

Nyumba ya amayi inalembedwa permanent, njerwa zootcha ndi malata, koma ife tikudziwa kuti inamangidwa ndi matope ndipo khoma la kumbuyo komwe kumawomba mvula limanyowa mpaka mkati dzinja lililonse. Pafupi pomwepo pali nyumba ya mdindo ya malemu agogo, ya udzu, khonde lake lozungulira lalikulu moti mvula siikhudza khoma, ndipo yaona madzinja ambiri kuposa ya amayi. Imeneyo pa tabuleti inalowa traditional. Chaka chino tagwirizana ndi achimwene kuti ndalama yomwe msuweni watumiza tisagulire penti, tiyambe tapaka simenti khoma la kumbuyo lija ndi kutalikitsa malata kuti madzi azigwera patali ndi maziko.